Kodi mfuti ingathe kunong'ona? Nkhani ya sailensa ndi zipolopolo zochepa liwiro

Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'nyumba yoonetsera mafilimu ku Ndirande kapena ku Kawale akuchidziwa chithunzi ichi: chigawenga chovala suti yakuda chipisa dzanja m'thumba, chitulutsa kachitsulo konga paipi, chikapotokolera kukamwa kwa mfuti, kenaka n'kuwombera. Mfutiyo ingoti "pfu!" ngati munthu wouzira phala lotentha, ndipo mlonda amene waima kuseri kwa chitseko samva kanthu. Kachitsuloko timakatchula kuti sailensa, dzina lomwelo limene amakanika amaitanira chitsulo chochepetsa phokoso kunsi kwa galimoto. Koma "pfu" wa m'mafilimuyo ndi wopeka. Amachita kumuika akatswiri okonza mawu, filimu itajambulidwa kale.

Nkhani ya sailensa yautsanso mapiri pachigwa ku America. Pa 4 Julaye 2025, mtsogoleri wa dzikolo Donald Trump anasainira lamulo la zachuma limene, mwa zina, linachotsa msonkho wa madola 200 umene aliyense wogula sailensa ankalipira kuyambira mu 1934. Msonkhowo unatha mphamvu pa 1 Januwale 2026, ngakhale kuti wogula akuyenerabe kulembetsa ku boma ndi kupereka zidindo za zala. Alenje ndi okonda masewera owombera anaomba m'manja ponena kuti makutu awo apulumuka. Mabungwe olimbana ndi kufala kwa mfuti anadandaula kuti boma lapeputsa njira yopezera chida chobisa umbanda. Kuti munthu aweruze bwino mkanganowu, ayenera kuyamba wadziwa kuti mfuti ikalira, chimene chalira kwenikweni n'chiyani.

Phokoso silichokera pamodzi

Chimene timachitcha chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali chigoba chamkuwa, pali onga umene umakhala m'chigobamo, pali kachoyatsira kakang'ono kumatako kwa chigoba, ndipo kutsogolo kuli mutu, womwe nthawi zambiri umakhala wa mtovu wokutidwa ndi mkuwa. Mutuwo ndiwo umauluka, chigoba chimatsala. Munthu akakoka kachitsulo kowombera, kamsomali kamamenya kachoyatsira, onga umayaka ndi kusanduka mpweya wotentha umene umakankha mutuwo kudutsa mu mpope wa mfuti. Mu mfuti ya alenje ya mtundu wa .308 Winchester, mphamvu ya mpweyawu imatha kufika pafupifupi kuwirikiza ka 2,000 mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto.

Mutu ukangotuluka, mpweya wonse wopanikizikawo umatuluka nthawi imodzi, ndipo ndilo phokoso loyamba: kuphulika kwa pakamwa pa mfuti. Sailensa ntchito yake ili apa. M'kati mwake muli timakoma tachitsulo totsatizana, tokhala ndi bowo pakati pomwe mutu umadutsa. Mpweya ukalowa, umagawikana m'tizipinda timeneti, n'kufutukuka, n'kuzizirako, kenaka n'kutuluka mwapang'onopang'ono. Kusiyana kwake kuli ngati kubaya chibaluni ndi singano ndi kuchimasula kukamwa kuti chiphwe chokha. Mpweya ndi womwewo, koma nthawi yotulukira yatalikitsidwa. Kutentha konseko kumatsalira m'chitsulocho, n'chifukwa chake sailensa imawotcha dzanja munthu akangowombera kangapo motsatizana.

Phokoso lachiwiri sailensa ilibe nalo mphamvu ngakhale pang'ono, chifukwa limabadwira kunja, mutu uli kale m'malere. Amene anaonapo woyendetsa ngolo akuliza chikoti amalidziwa phokoso limeneli. Chikoti chimati "thwa!" chisanakhudze ng'ombe, chifukwa nsonga yake imathamanga kuposa liwiro la mawu, ndipo mpweya umene yaupanikiza umamveka ngati kaphuliko. Ndege zankhondo zimachitanso chimodzimodzi, kuyambira pamene Chuck Yeager anapyola liwiro la mawu ndi ndege ya Bell X-1 pa 14 Okutobala 1947. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukakhala kofunda madigiri 20, n'chifukwa chake bingu la mphezi imene yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi limatifika patadutsa masekondi atatu. Mutu wa chipolopolo cha .308 umatuluka pa liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi. Choncho umaliza chikoti chake njira yonse imene ukudutsa, kufikira utachepa mphamvu kapena utamenya chinthu.

Phokoso lachitatu ndi la zitsulo za mfuti yeniyeniyo, makamaka mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo china, zomwe zimatsegukanso m'mbali n'kutulutsa mpweya pafupi ndi khutu la wowombera. Palinso kumveka kwa mutu ukamenya chimene wachilunjika.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wofuna kuti mfuti yake ikhale yofatsa kwenikweni sangadalire sailensa yokha. Ayenera kupeza chipolopolo chimene mutu wake suposa liwiro la mawu, kuti chikoti chija chisalire. Sailensa imalimbana ndi phokoso loyamba, chipolopolo chochepa liwiro chimachotsa lachiwiri.

Kufatsa kwake n'kotani?

Phokoso amaliyeza m'madesibelo, ndipo muyeso umenewu umasokoneza chifukwa sukwera ngati makilogalamu a chimanga. Madesibelo 10 aliwonse oonjezera amatanthauza kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza ka 10. Anthu awiri ocheza amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati kukhala maola 8 tsiku lililonse pa phokoso loposa madesibelo 85 kumawononga makutu, ndipo phokoso ladzidzidzi loposa madesibelo 140 lingathe kuwononga khutu ngakhale litamveka kamodzi kokha. Mfuti yaikulu ya alenje imalira madesibelo 160 kapena kuposerapo. Sailensa yabwino imachotsapo madesibelo pakati pa 20 ndi 35.

Tikachotsera, mfuti yaikulu ya sailensa yowombera zipolopolo wamba imatsalabe cha m'ma 130 mpaka 140. Imeneyo si mfuti yonong'ona. Ndi mfuti imene yangosiya kugonthetsa. Ikakhala ya zipolopolo zochepa liwiro imatsikira cha m'ma 120, pafupi ndi sairini ya ambulansi munthu ataima nayo pafupi. Timfuti tating'ono ta .22 ndito timafika pofatsa kwambiri.

Komabe pano tiyenera kunena zoona mbali zonse. Okonda mfuti amakonda kufanizira manambala amenewa ndi sairini kapena makina ocheka mitengo, koma amaiwala kunena kuti kulira kwa mfuti kumatenga kachigawo kakang'ono zedi ka sekondi, pomwe sairini imalira mosalekeza. Khutu silimva ziwirizi mofanana. Ndiponso kuchotsa madesibelo 30 ndiko kuchepetsa mphamvu ya phokoso ka 1,000. Munthu amene ali patali ndithu, kapena kuseri kwa makoma, angathe kumva kanthu koma osazindikira kuti ndi mfuti, kapena osadziwa kumene yalirira. Mafilimu amanama, koma bodza lawo lili ndi pomwe linayambira.

Bambo wa chiphokoso, mwana wa bata

Mbiri ya sailensa ili ndi kanthabwala kake. Hiram Stevens Maxim ndiye anapanga mfuti ya chiwaya ya Maxim m'zaka za m'ma 1880, mfuti imene asilikali a kampani ya Cecil Rhodes anapululira nayo Amandebele pa nkhondo ya mu 1893 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Mwana wake, Hiram Percy Maxim, ndiye analandira chiphaso cha umwini wa luso la sailensa ya mfuti mu Malichi 1909. Iyeyu anagwiranso ntchito yopanga magalimoto, ndipo kampani yake inadzapanga zochepetsera phokoso la mainjini. Kufanana kwa mayina kuja si kwangozi. Masailensa a Maxim ankagulitsidwa poyera pa madola owerengeka chabe, ndipo Theodore Roosevelt, amene anali mtsogoleri wa America, anali nayo pa mfuti yake ya Winchester kuti asasokoneze anansi akamawombera tizilombo pamunda pake.

Zinthu zinasintha mu 1934, nthawi ya zigawenga zotchuka za ku Chicago itangodutsa kumene, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la National Firearms Act. Msonkho wa madola 200 wa nthawi imeneyo ndi wofanana ndi madola oposa 4,000 a masiku ano, ndipo cholinga chake chinali choti munthu wamba asakwanitse. Koma ndalamayo sinakwezedwe kwa zaka 90, mitengo ya zinthu ikukwera, mpaka inasanduka yopepuka. Lero masailensa olembetsedwa ku America alipo mamiliyoni angapo, ndipo ndi ololedwa m'zigawo 42 mwa zigawo 50 za dzikolo. California, New York ndi Illinois zili m'gulu la zigawo zomwe zimakanabe.

Asilikali nawonso akhala akuphatikiza sailensa ndi chipolopolo chochepa liwiro mwadala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la Britain linapanga mfuti zochepa za De Lisle, zogwiritsa ntchito chipolopolo cha .45 ACP chomwe mwachibadwa sichifika pa liwiro la mawu. Dziko la Soviet Union linapanga chipolopolo cha 9x39 m'zaka za m'ma 1980, cha mfuti za VSS Vintorez ndi AS Val, chokhala ndi mutu wolemera magalamu pafupifupi 16. Ku America, J.D. Jones wa kampani ya SSK Industries anatulutsa .300 Whisper kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo maganizo omwewo ndiwo anabala .300 AAC Blackout, chimene bungwe loona za miyeso ya zipolopolo la SAAMI linachivomereza mu 2011. Chimenechi ndicho chatchuka kwambiri pakati pa anthu wamba.

Liwiro likachepa, mphamvu imathawa

Chifukwa chiyani zipolopolo zonsezi zili ndi mitu yolemera? Yankho lili m'masamu a kusekondale. Mphamvu ya chinthu choyenda imadalira kulemera kwake ndi liwiro lake, koma liwiro limawerengedwa modzichulukitsa lokha. Mukachepetsa liwiro ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Popeza liwiro lili ndi denga limene silingapyoledwe, chotsala n'kuonjezera kulemera basi.

Taonani zitsanzo ziwiri. Mutu wa .308 wolemera magalamu 9.7, wothamanga mamita 860 pa sekondi, umanyamula mphamvu ya majulu pafupifupi 3,600. Mutu wa .300 Blackout wolemera magalamu 14, wothamanga mamita 310 pa sekondi, umanyamula majulu osafika 700. Ndiye kuti ngakhale wachiwiriwu ndi wolemera kwambiri, mphamvu yake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, yofanana ndi ya mfuti ya m'manja yamphamvu ndithu. Ndi mphamvu yokwanira kupha munthu, pasakhale chikaiko pamenepo, koma ndi yochepa pa nyama yaikulu.

Vuto lina ndi kugwa. Chinthu chilichonse choponyedwa chimayamba kugwa chikangochoka m'dzanja, ndipo chikachedwa m'njira chimagwa kwambiri. Mfuti itagonekedwa mopingasa, mutu wothamanga uja umakhala utatsika masentimita 7 okha pofika mamita 100. Wochepa liwiro umakhala utatsika theka la mita, ndipo pofika mamita 200 watsika mamita oposa 2. Mlenje amene walakwitsa kuyerekeza mtunda ndi masitepe 20 okha angathe kuthyola nyama mwendo m'malo moilasa pamtima. Kuonjezera apo, mitu yambiri ya alenje inapangidwa kuti izifutukuka ikalowa m'thupi la nyama pa liwiro lalikulu. Pa liwiro lochepa imangoboola ngati msomali, nyama n'kuthawa ndi bala kukafera kutali patapita maola. Mitu yochepa liwiro imakondanso kunjanja ikamenya mwala kapena nthaka youma m'malo mophwanyika, n'kupita kumene wowombera sanalingalire.

Dziko la Britain limaonetsa bwino kusiyana kwa zinthu ziwirizi. Kumeneko malamulo a mfuti ndi okhwima, koma alenje ambiri a agwape amagwiritsa ntchito sailensa, ndipo zimaonedwa ngati ulemu kwa anansi ndi chitetezo cha makutu. Koma lamulo la Deer Act la 1991 limati ku England ndi Wales mfuti yophera agwape akuluakulu ikhale ndi mphamvu yosachepera majulu pafupifupi 2,300, ndipo ku Scotland mutu uyenera kutuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 750 pa sekondi. Mwachidule, sailensa ndi yolandiridwa, koma chipolopolo chochepa liwiro n'choletsedwa pa gwape, chifukwa cha chifundo pa nyamayo. Ntchito yake yeniyeni imatsalira pa akalulu, makoswe ndi tizilombo tina towononga m'mafamu, pa mtunda waufupi, komanso pa mabwalo ophunzirira kuwombera omwe ali pafupi ndi nyumba za anthu.

Odzipangira okha

Ku America, ku Finland, ku South Africa ndi maiko ena kuli anthu ambiri amene amadzaza okha zipolopolo kunyumba, monga malamulo a kwawo amalolera. Amatola zigoba zowomberedwa kale, kuzitsuka, kuzibwezeretsa mumsinkhu wake ndi makina opanikizira, kuika kachoyatsira katsopano, kuyeza onga pa sikelo, n'kukhazika mutu. Ena amatero pofuna kupulumutsa ndalama, ena pofuna chipolopolo chogwirizana ndendende ndi mfuti yawo. Makampani monga Hornady, Lyman, Sierra ndi Vihtavuori amasindikiza mabuku a miyeso imene anaiyesa m'malabotale okhala ndi zida zoyezera mphamvu ya mpweya mu mpope. Sikelo zake zimayeza m'timiyeso totchedwa grain, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.065, kusiyana kosaoneka ndi maso kungathe kukhala kusiyana kwa chipolopolo chabwino ndi ngozi.

Munthu wosadziwa angaganize kuti kupanga chipolopolo chochepa liwiro n'kophweka: kungochepetsa onga basi, ndipo onga wochepa ndiye ngozi yochepa. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi amene avulaza anthu. Ntchito imeneyi ndi imodzi mwa zovuta kwambiri m'luso lonseli, chifukwa wopanga amayenda pa kamlatho kopapatiza, phompho uku ndi uku.

Kumtunda kuli liwiro la mawu, lomwe silikhazikika. Kukazizira kufika madigiri 0, mawu amayenda mamita 331 pa sekondi. Kukatentha madigiri 35, ngati ku Nsanje mu Okutobala, amafika 352. Chipolopolo chimene chinali chofatsa masana a chilimwe chingathe kuliza chikoti m'mawa wa chisanu. N'chifukwa chake opanga amalunjika pansi ndithu, cha m'ma 300 mpaka 320, ndipo amayeza ndi makina owerenga liwiro m'malo modalira khutu.

Kumunsi kuli phompho loopsa kwambiri. Mutu wa chipolopolo ndi wonenepa pang'ono kuposa mizere ya m'kati mwa mpope, ndipo umachita kukanikizidwa kuti udutse. Mpweya ukachepa mopyola, mutu umatitimira pakati pa mpope osatuluka. Pa mfuti wamba wowombera amadabwa ndi kufooka kwa kulira n'kuima kaye. Koma pa mfuti ya sailensa, yomwe imalira mofatsa kale, chenjezo limeneli silimveka bwino. Akalowetsa chipolopolo china n'kuwombera, mutu wachiwiri umakagunda woyamba, ndipo mpope umatupa kapena kung'ambika pafupi ndi dzanja ndi nkhope yake. Kufatsa kumene ankakufunako ndiko kwabisa ngoziyo.

Palinso vuto la chigoba. Chigoba cha .308 chinapangidwa kuti chidzaze ndi onga woyaka mwapang'onopang'ono. Chipolopolo chochepa liwiro chimafuna onga wochepa wa mtundu woyaka msanga, umene umangokhala pansi ngati ufa wotsalira m'dengu lalikulu. Mfuti ikaweramitsidwa, ongawo umathamangira kutsogolo. Ikadzutsidwa, umabwerera kumbuyo. Kayakidwe kamasiyana, liwiro limasiyana, ndipo mitu imagwera malo osiyana. Choopsa koposa n'chakuti m'chigoba chotere muli malo okwanira kuthiramo onga kawiri munthu osazindikira. Foni ingolira, iye n'kuyankha, n'kubwerera pa tebulo ataiwala kuti chigoba chija anathiramo kale. Onga woyaka msanga wothiridwa kawiri umaphulitsa mfuti. Apa ndi pamene zigoba zazing'ono za .300 Blackout ndi 9x39 zimathandiza: malo opanda kanthu amachepa.

Ndiye pali nkhani ya kuzungulira. M'kati mwa mpope muli mizere yopota imene imazunguza mutu ngati nguli kuti uuluke molunjika. Mutu wolemera umakhala wautali, ndipo mutu wautali umafuna kuzungulira mofulumira kuti usapendame. Koma liwiro likachepa, kuzunguliranso kumachepa. Mfuti zambiri za .308 zimazunguza mutu kamodzi pa mainchesi 10 mpaka 12 aliwonse, pomwe za .300 Blackout zimatero pa mainchesi 7 kapena 8. Mutu wosazungulira mokwanira umatuluka ukudzandira, ndipo mu sailensa, momwe bowo lake ndi lokulirapo pang'ono chabe kuposa mutuwo, umamenya timakoma tija n'kuwononga chida chodula, nthawi zina zidutswa n'kuuluka. Odziwa ntchito amayamba awombera papepala sailensa atachotsa: bowo likakhala lozungulira bwino, mutu ukuuluka molunjika, likakhala lotalika ngati la kiyi, mutu ukugubuduka.

Ngozi yomaliza ndi ya kusokoneza. Chigoba cha .300 Blackout chinachokera ku banja la chigoba cha .223, ndipo ziwirizi zimalowa m'magazini ofanana. Chipolopolo cha .300 chingathe kukanikizika kulowa mu mfuti ya .223, kenaka mutu wonenepa mamilimita 7.8 n'kuyesa kudutsa mu mpope wa mamilimita 5.7. Mfuti zambiri zaphulika motere, moti eni mfuti ziwirizi amamanga timalamba tamitundu pa magazini awo kuti asasokoneze. Tikaonjezera fumbi la mtovu limene limalowa m'thupi la munthu wogwira zigoba zakale, makamaka loopsa kwa ana a m'nyumbamo, zikuonekeratu kuti luso limeneli si la wongoonera kanema wa pa YouTube.

Makutu a msilikali, makutu a mboni

Mfundo yamphamvu ya ochirikiza sailensa ndi ya umoyo. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ku America, kulira kwa m'makutu kosatha ndilo vuto limene asilikali opuma ambiri amalandirira chipukutamisozi kuposa vuto lina lililonse. Chakumapeto kwa 2020, gulu la nkhondo la Marine Corps linayamba kugawa masailensa masauzande ambiri kwa asilikali ake oyenda pansi, osati kuti akhale osamveka, koma kuti azimvana pakati pa nkhondo ndi kuteteza makutu. Mlenje sangatseke makutu kotheratu chifukwa amafuna kumva tchire, ndipo galu wake alibe chotsekera. Ku Norway ndi ku New Zealand sailensa imagulidwa mosavuta ngati chida china chilichonse cha ulenje.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo yosapeputsika. Kulira kwa mfuti ndi chenjezo: anthu amathawa, amabisala, amaimbira apolisi. Pa 31 Meyi 2019, munthu wina anapha anthu 12 m'nyumba ya maofesi a boma mumzinda wa Virginia Beach pogwiritsa ntchito mfuti ya m'manja yokhala ndi sailensa, ndipo ena mwa opulumuka anafotokoza kuti poyamba sanazindikire kuti akumva mfuti. Pa 4 Disembala 2024, mkulu wa kampani ya inshuwalansi ya UnitedHealthcare, Brian Thompson, anawomberedwa mumsewu ku New York ndi mfuti yokhalanso ndi sailensa. Koma milandu yotere ndi yochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa masailensa olembetsedwa, ndipo mu 2017 wachiwiri kwa mkulu wa bungwe loona za mfuti la ATF, Ronald Turk, analemba kuti zidazi sizigwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa umbanda. Funso limene mbali zonse zimalizemba ndi ili: kodi milanduyo yachepa chifukwa sailensa ilibe phindu kwa chigawenga, kapena chifukwa kwa zaka 90 kuipeza kunali kodula ndi kotopetsa? Zaka zikubwerazi ndizo zipereke umboni. Pakadali pano mabungwe a eni mfuti anakasuma kale kukhoti, ponena kuti msonkho ukatha, kalembera nayenso alibe pomwe waima.

Kumwera kuno kwa Africa, nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Mu 2014 dziko la South Africa linataya zipembere 1,215 m'manja mwa opha nyama mozembera malamulo, zambiri mwa izo m'nkhalango ya Kruger yomwe yachita malire ndi Mozambique. Mfuti zomwe oteteza nkhalango akhala akulanda kumeneko kawirikawiri ndi zazikulu za alenje, za .375 ndi .458, ndipo zambiri zimapezeka zili ndi sailensa. Masamu aja amagwiranso ntchito pano: chipembere chili ndi chikopa chochindikala ndi mafupa olimba, ndipo zipolopolo za mfuti zimenezi zimathamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la mawu. Chikoti chimalira ndithu. Chimene sailensa imachita ndi kufooketsa kuphulika kwa pakamwa pa mfuti, kumene kumamveka kutali ndi kuloza kumene wowombera waima. Woteteza nkhalango amene ali pa mtunda wa makilomita angapo usiku angathe kumva kanthu koma osadziwa kolowera, ndipo mphindi zimene wataya posakasaka n'zokwanira kuti nyanga idulidwe.

Malawi ali ndi zipembere zakuda ku Majete ndi ku Liwonde, komwe zina 17 zinabweretsedwa kuchokera ku South Africa mu 2019. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire, monga linakonzedwera mu 2017, limalola khoti kupereka chilango cha zaka zofika 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga chipembere ndi njovu. Ndipo pansi pa lamulo la mfuti la 1967, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, kaya mfutiyo ndi yochokera kufakitale ya ku Ulaya kapena ndi gogodela wosulidwa kumudzi.